Mkono Wotsika Wokha

Lachiwiri ku Clun, mvula yamawawa,
yosanyowetsa msanga koma yofika m'mafupa.
A Tranter aima pakhomo la shedi, ndodo m'manja.
Akuti kathalakitala kawo kayamba mwano:
kakanyamula manyowa a akavalo kufika m'chiuno
mkono umanjenjemera, pampu nkumalira ngati kagalu kotsekeredwa,
kenaka chidebe chimatsika chokha
popanda wochiuza.

Ntchito yanga pano ndi ina.
Ndimawawerengera mapiritsi, ndimawamangira zingwe za nsapato.
Koma ndinakulira kunsi kwa malole ku Kanengo,
ndikupatsira masipanala amalume a Gwaza,
amene ankati chitsulo sichinama,
chimangoyankhula motsitsa.

Ndatsitsa chidebe pansi kaye. Ndazimitsa injini.
Ndagwedeza chogwirira uku ndi uku, mphamvu yotsalira ithe,
pakuti oilo wopanikizika alibe chibale,
amaboola khungu ngati jakisoni.
Amalume anali ndi zala zisanu ndi zinayi.

Ndasolola kandodo koyezera.
Oilo alipo, wafika pamzere,
koma wachita thovu ngati madzi ochapira.
Thovu ndi mpweya.
Nanga mpweya walowera pati?

Dzulo mwana wawo Alun anaimba kuchokera ku Leeds.
Akuti ndi pampu imeneyo, yatha,
musataye ndalama, gulitsani zonse.
Ndinali kukhitchini, ndinamva.
Mu zonse mwakemo munali nyumba,
munali dimba, munali mitengo isanu ya maapozi
imene malemu Mayi Tranter anabzala.

Ndamasula sefa. Yada, koma ikupuma.
Ndakankha zolumikizira mapaipi chimodzichimodzi,
chilichonse chavomera kuti khe.
Ndalizanso injini, ndayendetsa chidutswa cha katoni ya tiyi
kunsi kwa paipi iliyonse, dzanja patali.
Chatuluka chouma.
Pansi palibe ngakhale dontho.

A Tranter akhala pa chigubu, akundiyang'ana.
Akuti, Tiyanjane, zisiye, ulowe usanadwale.
Ndati dikirani.
Pali bala lina losatuluka magazi.

Ndazimitsanso, ndagona chagada pa simenti, tochi kukamwa,
akangaude akundiyenda m'tsitsi.
Kuseri kwa thanki, kumene maso safika,
paipi yoyamwira yauma ngati chikopa chogonera padzuwa.
Chomangira chadyedwa ndi dzimbiri,
ndipo pansi pake pali kamng'alu,
kochepa ngati podula chikhadabo.
Sikadontha kameneka. Kamayamwa.
Miyezi yonseyi pampu imameza mphepo ya ku Shropshire
nkumayesa kunyamula nayo katundu.

Ndadula nsonga yowolayo ndi mpeni wosengera maluwa.
Chomangira china tachipeza m'chitini cha mabisiketi,
pakati pa mabawuti, makiyi a zitseko zomwe kulibenso,
ndi batani la jekete la munthu wina.
Ndamanga. Ndathira oilo watsopano.
Kwezani, tsitsani. Kwezani, tsitsani.
Ndawasiyira chogwirira eni ake,
kakhumi, mpaka thovu lonse labwerera kwawo.

Kulira kwaleka.
Mkono wakwera bwinobwino, osanjenjemera,
manyowa akufuka nthunzi pamwamba pa mitu yathu.
A Tranter aseka, mano oikirira agwedezeka.

Koma sindiwanamiza.
Tausiya m'mwamba, taima patali, tamwa tiyi,
ndipo pomaliza kapu watsika ndi zala ziwiri.
Limenelo ndi vuto lina, la mkati mwa silinda,
mphira watha, oilo akuzemba kuseri kwa pisitoni.
Ndati tiitanitsa, Lachisanu ufika.

Iwo akweza mkono wawo wamanja,
aulunjika kutsogolo, auyang'anitsitsa.
Wakhala kanthawi.
Kenaka wayamba kutsika, pang'onopang'ono.
Akuti, nanga uwu, mphira wake amagulitsa kuti?

Sindinayankhe.
Yakwana folo koloko, nthawi ya piritsi loyera ndi theka la lachikasu.
Ndasamba m'manja katatu,
koma madzi amene ndawapatsa
akununkhabe oilo.